Mphindi Zinayi za Pakhonde

Lolemba, 6 Meyi

Masiku atatu gemu yathu ili kunja. Nyenyezi ziwiri pa zisanu. Ziwiri!

Ndatsegula foni ndisanasukusule n'komwe. Ndemanga mazanamazana pagulu la osewera. Ndawerengako makumi atatu. "Palibe mathero." "Atibera nthawi yathu." "Wolemba nkhaniyi akagulitse tomato." Wolembayo ndine. Zaka ziwiri ndi theka za moyo wanga, munthu akuziweruza ndi chala chimodzi, mwinanso ali kuchimbudzi.

Ndilembe pano chimene ndinapanga, poti anditukwana mpaka ndayamba kudzikayikira. Wosewera amakhala wonyamula makalata, ndipo kalata yake ndi imodzi yokha. Dziko linaphwasuka ndi nkhondo, milatho inagwa, basi kulibe. Maola khumi ndi awiri akuyenda wapansi, kuthawa agalu, kunyengerera asilikali pazipata, kalata ili m'thumba la jekete. Akafika, pachitseko pamatuluka mayi wokalamba amene maso anafa kale. Mayiyo amapempha kuti awawerengere. Awiriwo amakhala pakhonde, iye n'kuwerenga kalata ya mwana wawo mpaka pomaliza. Mphindi zinayi. Palibe batani logwira ntchito, umangoika manja pamwendo n'kumvetsera. Kenako mdima, mayina athu n'kumakwera pasikirini.

Ngati amenewo si mathero, ndiye mathero n'chiyani?

Kuofesi zii. Kachipinda kathu kapamwamba pa shopu ya matayala, fungo la labala lija, fani ikulira ngati ili ndi chifuwa. Tatsalamo atatu: Bwana, ine, ndi Kamagalasi wolemba mapulogalamu. Kamagalasi mahedifoni kumutu tsiku lonse, iye sawerenga ndemanga, amati zimamutupitsa mimba. Bwana amangowerenga nyenyezi. Gemu yathu sanaipitirirepo pamlatho woyamba, akuti imamuchititsa chizungulire.

Sindinadye masana. Njala yake ichokere kuti.

Lachiwiri, 7 Meyi

Dolo watulutsa vidiyo. Amadzitcha yekha Dolo wa Magemu, ndipo omutsatira ndi ochuluka kuposa nzeru zake. Pachithunzi nkhope yake kukamwa yasa, zilembo zofiira pamwamba. Ndaonera mphindi ziwiri, akungokuwa, ndatseka. Sindingapereke mphindi makumi anayi kwa munthu wovala magalasi akuda ali m'nyumba.

Cha m'ma 11 Bwana watiitana. Msonkhano wake wa chiimire, makiyi a galimoto akuzungulira pachala. "Achemwali, anthu akufuna nkhondo, apatseni nkhondo." Khonde lichoke, pakhale mdani wamkulu womenyana naye pachitseko paja. Ndalemba pofika Lachisanu la sabata yamawa, pa 17. Ndikakana, ali ndi munthu wake wolemba zotsatsa malonda, akuti ameneyo angalembe tsiku limodzi asanamalize n'komwe tiyi.

Wolemba zotsatsa sopo. Kudzagwira mayi wanga wakhungu.

Ndinafuna kuyankha zambiri. Ndangoti ndamva. Potsika masitepe ndiye mayankho onse anabwera, abwinoabwino, ondondozana. Nthawi zonse amabwera pamasitepe.

Masiku khumi. Kaya ndi dzanja langa kaya la wina, akufuna khonde lija lichoke. Sindilola.

Lachinayi, 9 Meyi

Dzulo ndinawayankha. Sindikudandaula.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti ndi gulu lomweli limene chaka chatha chonse linkalira. Tatopa ndi mitembo yoyenda. Tatopa ndi mwana wamasiye wosankhidwa kuti apulumutse dziko. Tatopa ndi lupanga losiya bambo, ndi mfiti yokhala pansanja, ndi mapu odzaza timadontho tokatola zinyalala. Magemu onse afanana, tipatseni zatsopano. Mauthengawo ndinasunga, ena ndinkawerengera Bwana kuti alole nkhani yangayi. Lero ndawapatsa zatsopanozo, akufunsa kuti chilombo chili kuti. Munthu wolira kuti nsapato ikumuthina, ukamuvula akuti bweretsa nsapato yanga.

Safuna nkhani anthu awa. Amafuna kuuzidwa kuti ndi akatswiri. Apha chinthu chachikulu, nyimbo ilire, agone akudziona ngati ngwazi. Wina walemba ndime zisanu za mmene nkhani yabwino imathera, munthu woti sanalembepo ngakhale kalata yofunsira ntchito.

Ndiye ndinalemba, ndi dzina la kampani: "Amene akuti palibe mathero aphunzire kukhala pansi n'kumvetsera. Si gemu iliyonse imafuna zala, ina imafuna makutu."

Moto buu. Mayankho mazana awiri pa ola limodzi. Wina akuti timvetsere chiyani, mdima? Wina akuti kalatayo sinawerengedwe n'komwe. Bodza lamkunkhuniza. Ameneyo sanafike kumapeto, anangomva kwa Dolo. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndamuchotsa pagulu, pamodzi ndi anzake asanu onena zomwezo. Mtima unakhalako m'malo pang'ono.

Bwana wasintha mawu achinsinsi olowera patsamba la kampani. Wachita bwino, ndikanapitiriza.

Achimwene ali chete chitulukire gemuyi. Iwo ndi amene anandiphunzitsa kugwira padi yosewerera magemu ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo mpaka lero akatsika mu lole yawo amasewera kaye asanavule nsapato. Ndinkadikira foni yawo kuposa ya wina aliyense. Lero kauthenga kafika: "Ndamaliza. Ubwere Lamlungu." Basi. Ngakhale kanthu koseka kumapeto kulibe.

Lachisanu, 10 Meyi

Ndayesa kulemba nkhondo yawoyo, kuti ndingoona kuipa kwake.

Koyamba: mayi wakhungu asanduka chinjoka. Kachiwiri: m'nyumbamo mutuluka mkulu wa asilikali, kuti anali akudikira kalatayo chiyambire. Kudikiriranji? Sindikudziwa, osewera safunsa. Kachitatu ndangolemba kuti "amenyana" n'kujambula maluwa m'mphepete mwa pepala.

Ndafunsa Kamagalasi ngati n'zotheka n'komwe kupanga mdani pa sabata imodzi. Wavula hedifoni mbali imodzi. "Ndingomukulitsa kasanu galu uja wa pachigawo chachitatu, asisi, ndimupatse maso ofiira." Nkhope yake gwa, sakuseka. Kapu inali m'manja mwangamu, Mulungu yekha ndiye anaigwira.

Galu wokulitsidwa kasanu. Ndiye zaka ziwiri ndi theka zimenezo.

Pobwera kunyumba ndadutsa malo otsikira, ndazindikira basi ikukhota kumsika. Ndabwerera wapansi ndikukangana ndi anthu osawaona.

Lamlungu, 12 Meyi

Sindikudziwa poyambira.

Kwa achimwene cha m'ma 2 masana. Alamu akusita zovala pakona, wailesi motsitsa. Ndinapita nditanola mano, mfundo zanga zonse zili pamzere. Moni wa achimwene wachidule. Sanadikire n'komwe kuti ndiike chikwama pansi.

"Iwe, gemu yakoyi unaisewera?"

Ndinati ndinaipanga ndine. Iwo akuti sanafunse zimenezo. Akufunsa imene anthu agulayi, ngati ndinakhalapo pansi n'kuisewera mpaka kumapeto. Ndinayamba kufotokoza kuti wopanga gemu amaidziwa kuposa aliyense, kuti mawu aliwonse ali m'mutu mwangamu. Anangondiponyera padi pamwendo. "Kutsutsa galu n'kukumba."

Gemu anali ataisunga paphiri lomaliza. Ndinatsika phirilo, kudutsa mpanda wothyoka, mtengo wouma uja, masitepe atatu a khonde. Ndinagogoda. Chitseko chinatseguka, nkhope ya mayi uja inaoneka kamphindi kochepa kwambiri.

Mdima. Mayina kukwera. Langa lachiwiri.

Ndinati makina awo ndi akale. Tinabwereza. Ndinati azimitse, azule chingwe kukhoma, ayatsenso. Tinabwereza kachitatu. Chitseko, nkhope, mdima. Palibe khonde, palibe kalata, palibe mawu ndi amodzi omwe.

Ndiye zimene anthu onsewa aona n'zimenezi. Maola khumi ndi awiri munthu wanyamula kalata, afika, magetsi thi. Ine n'kumawauza kuti aphunzire kumvetsera.

Alamu anazimitsa simbi, anandibweretsera madzi. Achimwene sanandiseke, bola akanandiseka. Anangoti ankaganiza kuti ndachita dala, ndipo ankasowa mawu ondiuzira kuti ndawanyoza.

Kamagalasi. Mawa andiona. Masiku asanu ndi anayi ndikutukwanidwa chifukwa cha ulesi wa munthu mmodzi woti ntchito yake n'kulumikiza zinthu basi.

Lolemba, 13 Meyi

Ndinafika asanatsegule a matayala. Kamagalasi atangolowa ndinamuyamba, chikwama chikadali kumsana. Sindikumbuka zonse. Ndinamutcha chidole cha magetsi, ndinati wandiphera ntchito, ndinati ngakhale mbuzi ikanaona kuti palibe mphindi zinayi zathunthu. Anyamata a pansi anasiya kupopa matayala.

Kamagalasi anakhala pansi, anatulutsa foni, n'kumafufuza pang'onopang'ono ndi chala. Kenako anaitembenuzira kwa ine.

Uthenga wanga, wa pa 14 Januwale: "Tandidumphitsire khonde lija poyesa, sindingathenso kulimva. Usalibwezeretse mpaka nditakuuza." Pansi pake yankho lake: "Chabwino asisi, mudzandiuze."

Sindinamuuze.

Ndakumbuka zonse tsopano. Chigawo chomaliza woyesa ndinali ine, poti tilibe munthu wa ntchito imeneyo. Akasintha kanthu kalikonse, kaya mthunzi wa mtengo kaya kulira kwa chitseko, ndimayenera kuseweranso mpaka mayina akwere. Khonde ndinalimva maulendo oposa makumi anayi. Ndipo mawu a m'kalata ija si opeka. Ndi amene ndinkalemba m'kope miyezi ija amayi ali kuchipatala, ndikuti ndidzawawerengera akapezako bwino. Sanapezeko bwino. Ndinangosintha mayina n'kuwapatsa mwana wa mayi wakhungu. Pofika Januwale ndinkathawira kuchimbudzi nthawi iliyonse wowerenga uja akafika pakati. Ndiye ndinapempha kuti lidumphidwe. Kenako chipwirikiti cha masiku omaliza, maso anazolowera mdima uja, ndinasainira ndekha kuti chigawo chomaliza chili bwino.

Komabe ndakwiya naye. Iye analibe pakamwa? Sakanandikumbutsa? Ndamufunsa. "Munati mpaka mutandiuza." Ndi zoona, ndipo n'zimene zikundipsetsa mtima kwambiri.

Kukonza kwake akuti n'kusintha mzere umodzi. Mzere umodzi!

Bwana anamvetsera makiyi ali chete koyamba m'moyo wake. Akuti tisauze munthu, aganize kaye. "Bongololo sadzolera mafuta pagulu."

Sindinapepese kwa Kamagalasi. Ndamugulira chakumwa chozizira, ndachiika patebulo pake. Wamwa.

Lachiwiri, 14 Meyi

Ndaonera vidiyo ya Dolo yonse. Mphindi makumi anayi ndi imodzi.

Akasiya kukuwa amalankhula zanzeru, chitsiru chimenechi. Akuti ulendo uja sanaonepo wotero pa zaka zisanu. Anazindikira ngakhale kuti wonyamula makalata amagwira thumba la jekete nthawi iliyonse akawoloka madzi, kanthu kamene ndinakakamira milungu iwiri kuti kaikidwe. Chilombo sanachitchule ngakhale kamodzi. Akuti ankangofuna kumva zimene wanyamula.

Ndikanaonera mpaka kumapeto tsiku loyamba lija, ndikanauona mdimawo ndi maso anga.

Ndimadana naye chimodzimodzi. Magalasi aja ngoipa.

Anthu asanu ndi mmodzi ndinawachotsa pagulu chifukwa chonena zoona. Mayina awo ndawalemba kuseri kwa tsamba lino.

Lachitatu, 15 Meyi

Dziko lapenga, kapena ndapenga ndine.

Pagulu patulukira munthu wina, dzina lake pamenepo ndi Telala Wopuma. Akuti ndi bambo wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, amasewera pa kompyuta yakale imene mwana wake wamkazi anamusiyira. Walemba nkhani yaitali, yaulemu, yopanda chitukwano ndi chimodzi chomwe. Akuti achinyamata mwaphonya. Kalata ya eni sitsegulidwa. Ntchito ya wonyamula makalata imathera pachitseko, za m'katimo si zake. Akuti magemu ena onse amakutafunira n'kukumezera, koma iyi yokha yamulemekeza, yamusiya mumdima kuti aganize yekha. Akuti wolemba wake ndi munthu wolimba mtima.

Wolimba mtima. Ine amene ndinkabisala kuchimbudzi.

Nkhaniyo yafalikira ngati moto wa m'chilimwe. Gulu lagawanika, kuli a Mdima ndi a Chilombo, akutukwanana okhaokha. Nyenyezi zakwera kufika zitatu ndi theka. Uthenga wanga wamwano uja, wa makutu ndi zala, anthu aujambula, akuutumizirana ngati mawu a mneneri. Mtsikana wina akuti analira mphindi khumi sikirini ili bii. Wina wapeza tanthauzo ngakhale pa kuchedwa kwa mayina kuyamba kukwera. Kuchedwa kumeneko n'chifukwa kompyuta imakhala ikufunafuna khonde lomwe yauzidwa kuti ilidumphe.

Bwana walowa akuimba mluzu. Nkhondo ija tiiwale, munthu wa sopo uja sabweranso. Ndinayamba kupuma. Kenako anamaliza: khonde nalonso tiiwale. "Musakhudze kanthu, achemwali. Mwangozi kapena mwadala, ndani adziwe?"

Ndiye sabata yatha ankafuna kulikwirira ndi galu, sabata ino akufuna kulikwirira ndi mdima. Manda ndi omwewo.

Akundiyamikira chinthu chimene sindinalembe. Akuombera m'manja mzere umodzi wa Kamagalasi ndi kuiwala kwanga. Kutukwanidwa kuja kunali bwino, pajatu ndinkadziwa wokwiyira.

Lachinayi, 16 Meyi

Ndinaitana achimwene kuti adzaone khonde lenileni. Ndinkafuna munthu mmodzi wondiuza kuti sindikupenga.

Anabwera nthawi ya nkhomaliro, lole anaimika pa a matayala. Bwana kulibe. Kamagalasi anasintha mzere uja pa kompyuta yake yokha, anawapatsa mpando ndi mahedifoni ake, chinthu chimene sabwereka munthu. Ine ndinaima pazenera, msana kusikirini. Ndinawerenga matayala ounjikidwa panja. Makumi awiri ndi atatu.

Nditatembenuka, chipewa chili m'manja, akuchipinda n'kuchipindanso. Mawu anawazindikira, sakanalephera. Pali pena kalatayo imanena za bulangete lobiriwira limene amayi ankakana kulisiya kunyumba. Anadzuka, anathokoza Kamagalasi, anatuluka osandiyang'ana.

Ndinawapeza pamasitepe akupukuta kumaso ndi chipewa chija. Ndinafunsa kuti nanga bwanji. Ndikanangokhala chete.

"Ine andigwira, chemwali, poti ndi mawu a kwathu. Koma pakati paja patalika. Ndikuuze zoona, mdima uja unandipweteka kuposa apa."

Ndinawauza kuti abwerere ku lole yawo, za nkhani sadziwa kanthu, munthu woti amadumpha zokambirana zonse m'magemu kuti akafike pomenyana. Ndinanena mokweza. Anangoti ndinafunsa ndekha.

Patalika. Mawu amene ndinalephera kuwauza amayi ali moyo, lero akuti atalika.

Madzulo ndawerenganso kalatayo papepala, pensulo m'manja. Ndime yachitatu ikubwereza yachiwiri. Ndaona. Sindichotsa ngakhale liwu limodzi, afe nazo.

Lachisanu, 17 Meyi

Tsiku lija lafika, koma nkhondo yake ndi ina.

Ndinalowa kwa Bwana m'mawa, ndinatseka chitseko. Ndinati khonde libwerere lero, apo ayi ndilemba pagulu ndi dzina langa zonse zimene zinachitika, uthenga wa Januwale ndi chithunzi chake chomwe. Anayamba ndi kuseka, kenako kunyengerera, kenako kuopseza. Akuti nyenyezi zangoyamba kukwera, ndikufuna kugwetsa kampani chifukwa cha mtima wanga. Akuti wolemba wanzeru amadziwa pokhala chete. "Anthu ayamba kukukondani, inu mukufunanso chiyani?"

Ndinati ndikufuna anditukwanire zanga.

Mayankho lero sanadikire masitepe. Ndinamuuza kuti wagulitsa gemu yoduka kwa anthu olipira yathunthu, ndipo tsiku lina wina adzatsegula m'kati mwake n'kupezamo mphindi zinayi zogona, pamenepo adzawauza chiyani? Apo ndiye anakhala pansi. Chimene chamugonjetsa ndi mantha, osati nkhani yanga, ndikudziwa. Zilibe kanthu.

Kamagalasi anafunsa kawiri. "Ndibwezeretse, asisi? Mukundiuza?" Ndinati ndikukuuza. Anati ndimulembere pafoni kuti pakhale umboni. Mwana wa munthu ameneyu.

Nthawi ya 3 gemu yokonzedwa inatumizidwa. Aliyense akangoyatsa, yake isintha yokha.

Chovuta chinali chipepeso. Ndinalemba kasanu, kanayi konse chikutuluka ngati ndikuwakalipiranso. Chomaliza n'chachifupi: mathero anadumphidwa, wolakwa ndine, amene munati kalata sinawerengedwe munanena zoona, pepani. Anthu asanu ndi mmodzi aja ndawabwezera pagulu. Mmodzi wangolowa n'kulemba kuti "tomato uja mukagulitsebe." Ndamusiya.

Foni ndazimitsa, ndaiika m'kabati ya mbale. Mpaka Lolemba.

Lolemba, 20 Meyi

Ndapambana, ngati kupambana kwake n'kumeneku. Khonde lilipo ndipo likhalapo. Bwana sakundilankhula, koma wanena kudzera mwa Kamagalasi kuti nkhani ya mathero yatsekedwa.

Nyenyezi zitatu. Dolo watulutsa vidiyo ina, wavula magalasi pakati pake, akuti n'zabwino koma patalika. Iyenso! Ena alira, ena agona. A Chilombo akufunabe chilombo. A Mdima akuti ndawapereka, ena akuti chipepeso chija n'chabodza, mdima unali wadala ndipo ndagonjera anthu aphokoso. Ndawerenga zonse ndikudya buledi. Akutukwana zanga tsopano. Ndinkafuna zimenezi, ndipo aliyense ndinali ndi yankho lake, kungoti sindinalembe.

Kenako ndaona uthenga wapadera, osati wapagulu. Telala Wopuma. Unafika Loweruka m'mawa.

Ndiukopera pano wonse.

"Mayi wolemba, pepani kukuvutitsani. Kalata yanu ndaimva, ndi yabwino, mulembe zina. Koma ine ndili ndi mwana wamwamuna amene tinayambana zaka khumi ndi chimodzi zapitazo. Anachoka, sanaimbepo foni, sanalembepo. Chimalizire gemu yanu, m'mawa uliwonse ndikamwa tiyi ndinkatsika phiri lija, ndigogode, chitseko chitseguke, ndiye mumdima muja ndinkamva kalata yake. Tsiku lililonse inkanena zina. Lero ndayatsa, ndapeza mwalowa mwana wa eni. Ndayesa kutseka maso koma mawu akumveka, ndayesa kutsitsa mawu koma ndikuwaona ali pakhonde. Ine za makinazi sindidziwa. Kodi pali pamene ndingadine kuti zibwerere mmene zinalili?"

Palibe podina. Ndinaonetsetsa ndekha kuti pakhonde paja batani lililonse likhale lakufa, ndinamenyera zimenezo miyezi itatu.

Ndafuna kukwiya. Ndayesa ndithu, ndayenda m'chipinda muno uku ndi uku kufunafuna womukwiyira.

Ndatsegula poyankhira. Ndalemba kuti "Bambo," ndipo chala chaima pomwepo kuyambira nthawi ya nkhomaliro